Ankatengera Ndani Yao Lee?

Pali bambo ena, aphunzitsi opuma pantchito, amene ndimacheza nawo za mabuku ndi nyimbo. Iwo amakhulupirira kuti chikhalidwe cha mtundu wa anthu chili ngati chitsime: mukangodonthezamo madzi a kwina ndiye kuti mwachidetsa chonse. Tsiku lina ndidawayikira nyimbo ya Yao Lee, woyimba wa ku Shanghai. Mphindi isanathe n'komwe adapukusa mutu nati, "Achimwene, Chitchaina chake chili pati apa? Malipengawa ndi a jazi ya ku America. Mayiyu ankangotengera azungu."

Tsikulo ndidangoseka, poti munthu sutsutsana ndi mkulu m'nyumba mwake. Koma lero ndikuwayankha, chifukwa mawu omwewa atatuluka m'kamwa mwa anthu olamula adasamutsa oyimba kwawo, ndipo ena adafa nawo.

Yao Lee adabadwa mu 1922 ku Shanghai. Adayamba kumveka pa wailesi ali ndi zaka 13, ndipo mu 1937 kampani yojambula nyimbo ya Pathé idamulemba ntchito. Mzinda umene adakuliramo udali wosakanikirana kale iye asanatsegule pakamwa. M'maholo ovinira munkayimba magulu a ku Philippines ndi a ku Russia, ndipo Buck Clayton, katswiri wa lipenga wa ku America, ankayimba kumeneko kuyambira 1934. Mtsikana wokulira m'phokoso limeneli mumati aziyimba chiyani? Atseke makutu kuti akondweretse anthu amene sadapondeko m'mudzi mwake? Nyimbo zimene zidabadwa pamenepo, zotchedwa shidaiqu, zinkatenga mawu ndi kayimbidwe ka Chitchaina n'kuziika pa ng'oma ndi malipenga a jazi. Anthu adamupatsa Yao Lee dzina loti Mawu a Siliva, poti la golide lidali litapita kale kwa Zhou Xuan.

Tsono tiyeni tione za kutengerako. Mu 1940 Yao Lee adajambula nyimbo ya Meigui Meigui Wo Ai Ni, yopekedwa ndi Chen Gexin. Patapita zaka 11, mu 1951, woyimba wa ku America Frankie Laine adayimba nyimbo yomweyi m'Chingerezi, pa mutu woti Rose, Rose, I Love You, ndipo idafika pa nambala 3 pa mndandanda wa Billboard. Mawu atsopanowo adaisandutsa nkhani ya mlendo amene akutsanzika mtsikana wa ku Malaya. Chimbale cha Yao Lee mwini chitatulutsidwa ku maiko a azungu, padalembedwa kuti woyimba ndi Miss Hue Lee. Ndikufunsa aphunzitsi anga aja: adatengera mnzake ndani? Nanga bwanji Laine sitimunena kuti adadetsa chitsime cha ku America? Mzungu akatola cha wina timati ndi luso. Wina akatola cha mzungu timati wataya mtundu.

Komabe amene adapweteka kwambiri nyimbozi adali kwawo komweko. Chipani cha Chikomyunizimu chitalowa m'boma mu 1949, shidaiqu adaitcha nyimbo zachikasu, ndipo m'Chitchaina chikasu chimenechi chimatanthauza zolaula. Ankati ndi nyimbo za mabwana ndi atsamunda, zofooketsa anthu. Mu 1950 Yao Lee adasamukira ku Hong Kong. Chen Gexin, amene adali ku Hong Kong komweko, adabwerera ku Shanghai. Mu 1957 adamunena kuti ndi wotsutsa chipani, adamutumiza kukagwira ntchito yakalavulagaga m'chigawo cha Anhui, ndipo adafera komweko mu 1961. Amene amafuna chitsime choyera ayenera kudziwa kuti oyeretsawo ntchito yawo amaigwira motere.

Sindikuti Shanghai wa nthawi imeneyo adali paradaiso. Mbali zina za mzindawu zinkalamulidwa ndi alendo, ndipo kunja kwa maholo owala aja anthu ankagona ndi njala. Sindikukananso kuti ku Hong Kong Yao Lee adasintha mawu ake, nayamba kuyimba motsitsa, motsata Patti Page wa ku America. Apa aphunzitsi anga ali ndi pogwira. Koma kuphunzira kwa mnzako si umbava. Ndani mwa ife olemba amene sadabwereke kalembedwe kwa wina? Buku la nkhani zopeka lomwelo, limene tonse timalinyadira, lidachokera kuti?

Chimene chimandiwawa ine, monga wolemba, n'china. Ku Hong Kong ntchito yake yambiri idali yoyimbira anthu ena m'makanema. Mu kanema wa mu 1956 wotchedwa Songs of the Peach Blossom River, nkhope imene anthu ankaiona idali ya Chung Ching, pamene mawu oyimbawo adali a Yao Lee. Kunja adamulakwitsira dzina, kwawo adamuletsa, ndipo pa kanema pankagwedera milomo ya wina. Mchimwene wake Yao Min, amene ankamupekera nyimbo zambiri, atamwalira mu 1967, iye adasiya kuyimba, kenaka adalowa ntchito ku EMI yothandiza oyimba achinyamata kujambula zimbale zawo. Adamwalira mu 2019 ali ndi zaka 96.

Aphunzitsi aja ndidzawayikiranso nyimbo ina imodzi. Dzina lake ndi Gongxi Gongxi. Adaipeka Chen Gexin yemwe uja, pokondwerera kutha kwa nkhondo ndi Japan mu 1945, ndipo adaijambula ndi Yao Lee ndi mchimwene wake. Chaka chatsopano cha Chitchaina chikafika, nyimboyi imamveka m'masitolo ndi m'makomo kulikonse kumene kuli Atchaina, ngakhale ku China kwenikweniko, ndipo ana amaiyimba ngati ya makolo. Ndidzawafunsa andiuze ngati imeneyonso si ya Chitchaina.