Olemera akamatiphunzitsa kukhutira

Ndikamva munthu wa nyumba ya mpanda ndi magalimoto atatu akulalikira kuti ndalama si kanthu, ndimayamba ndagwira thumba langa. Alaliki otere sanayambe lero. Ku Rome kunali mkulu wina dzina lake Seneca, mphunzitsi komanso mlangizi wa mfumu Nero. M'makalata opita kwa mnzake Lucilius, iye ankalangiza kuti munthu azipatula masiku angapo oti azidya zakudya za amphawi ndi kuvala zokhakhala, kenako azidzifunsa ngati umphawi umene amauopa uja ndi umenewo basi.

Malangizo abwino ndithu. Koma mwini malangizoyo anali mmodzi wa mpondamatiki zikuluzikulu za ufumu wonsewo. Wolemba mbiri Tacitus akuti adani a Seneca ankamunena kuti anakundika ndalama za sesterce 300 miliyoni, pamene msilikali wamba ankalandira 900 pachaka. Wolemba mbiri wina, Cassius Dio, akuwonjezera kuti Seneca anakongoza anthu a ku Britain 40 miliyoni ya katapila, n'kudzaiitanitsa yonse mwadzidzidzi, ndipo ichi chinathandiza kubutsa nkhondo ya mfumukazi Boudica cha m'ma 60 AD. Umphawi wa masiku owerengeka, uku ukudziwa kuti kukhitchini akapolo akukukazingira nyama, ndi masanje.

Komabe sindimutaya Seneca. M'chaka cha 62 anapempha Nero kuti atenge chuma chonsecho, iye akapume. Nero anakana, ndipo mu 65 anamulamula kuti adziphe pomuganizira kuti anali m'chiwembu. Polemba kuti chuma chimamanga mwini wake, ankanena za chingwe chimene chinali m'khosi mwake momwe.

Amene ndimamukhulupirira kwambiri ndi Epictetus. Uyu anabadwira ku Hierapolis, m'dziko limene lero ndi Turkey, ndipo anakulira ku Rome ngati kapolo wa mlembi wa Nero yemweyo. Anali wolumala mwendo. Atamasulidwa anayamba kuphunzitsa, mpaka mfumu Domitian inathamangitsa afilosofi mumzindamo, iye n'kukatsegula sukulu ku Nicopolis, ku Greece. Sanalembe buku, zimene tili nazo analemba ndi wophunzira wake, Arrian.

Phunziro lake n'losavuta kulimva koma lowawa kulitsata. Ankati pali zinthu zimene zili m'manja mwathu, monga maganizo, zokhumba ndi zosankha zathu, ndipo pali zimene sizili m'manja mwathu: thupi, katundu, mbiri, udindo. Ukamangirira mtima pa za gulu lachiwirili, wasanduka kapolo wa aliyense amene angathe kukupatsa kapena kukulanda. Munthu amene anakhalapo katundu wa munthu wina akamanena za ukapolo, ndimatchera khutu.

Pano tisasokoneze. Mawu awa si okauza mayi amene ana ake agona ndi njala. Ngakhale filosofi Epicurus, amene ankakhala ndi anzake m'dimba ku Athens akukhutira ndi buledi ndi madzi, ankavomereza kuti pali zofunika zimene thupi silingazilumphe. Phunziroli ndi la ife amene tadya, koma tulo sitikulipeza chifukwa mnzathu wa kuntchito wagula poloti. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, palibe mmodzi wa ife amene akanatha kuigwira. Chimene chinatsala m'manja mwathu chinali kusankha: kuchepetsa alendo a paukwati, kapena kukakongola kuti anthu asatiseke. Ambiri amasankha ngongole, ndipo osekawo sathandiza kubweza.

Tsiku lina Epictetus anamva kugobedeka pazenera, ndipo atathamangirako anapeza nyale yake yachitsulo itapita. Sanaitane anthu kuti athamangitse wakubayo. Anangoti mawa apeza nyale yadothi, poti munthu amangotaya chimene ali nacho, ndipo amene waluza kwambiri ndi uyo wagulitsa ulemu wake pamtengo wa nyale. Iye atamwalira, akutero wolemba wanthabwala Lucian, munthu wina anagula nyale yadothiyo ndi madirakima 3,000, poganiza kuti akamawerenga usiku poyatsa nyaleyo, nzeru za Epictetus zimulowa. Lucian anamuseka koopsa, ndipo wogulayo lero sitimudziwa n'dzina lomwe.