Wophunzira kuongolera ndege aphunzira bwanji ngati zolakwa sizijambulidwa?

Pa 10 June 2024, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe cha m'ma 9 koloko m'mawa. Inanyamula anthu 9, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndipo ulendo unali wa kumaliro a Ralph Kasambara kuno ku Nkhata Bay. Ku Mzuzu sinafike. Zibenthu zake zinapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa, pamapiri a Viphya omwe ife a ku Limphasa timawadziwa chifukwa cha nkhungu yake ya mwezi wa June.

Komiti yofufuza yomwe ankatsogolera Justice Jabbar Alide inanena mu December 2024 kuti panalibe chiwembu, koma nyengo yoipa ndi kulakwitsa kwa anthu. Mkangano wa chiwembu ndiusiyira ena, wakambidwa mokwanira pa Facebook ndi m'maminibasi. Ine chandiimitsa ndi mawu akuti "kulakwitsa kwa anthu". Kwathu kuno mawuwa timawagwiritsa ntchito ngati chitseko chotsekera nkhani: munthu walakwa, basi, tiyeni tizipita. Koma pantchito ya ndege cholakwa cha dzulo ndiye buku la wophunzira wa mawa, ndipo bukulo ife sitikulemba.

Taonani zomwe anapeza akatswiri a ku Germany a bungwe la BFU. Ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa, inalibenso ojambula kayendedwe kake. Kachipangizo kamene kamayenera kulira ndege ikagwa kuti ofunafuna aipeze msanga kanali ndi batire lomwe linatha ntchito mu 2004. Zokambirana za pawailesi pakati pa ndegeyo ndi oongolera ali pansi nazonso sizinajambulidwe.

Sindikuloza chala amene anali pawailesi tsiku limenelo. Mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza mtundu kuti ndegeyo inalangizidwa kuti isatere ku Mzuzu, ibwerere ku Lilongwe chifukwa kunja sikunkaoneka bwino. Funso langa ndi la mnyamata kapena mtsikana wa msinkhu wathu amene adzakhale pampando umenewo chaka chamawa. Mphunzitsi wake adzamumvetsera chiyani? Ngakhale woongolera atachita zonse molondola m'mawa umenewo, mawu ake anapita ndi mphepo. Chabwino sichingatengeredwe, cholakwika sichingakonzedwe.

Ambiri timaganiza kuti ntchito ya munsanja ndi ya masamu ndi makina basi. Masamu alimo, inde. Wophunzira amayamba m'kalasi ndi malamulo, zanyengo ndi mapu a mlengalenga. Kenako amapita pamakina oyeserera, pomwe ndege zabodza zikhoza kuwombana popanda maliro. Pomaliza amakhala pampando weniweni, akulankhula ndi ndege zenizeni, mphunzitsi ali pambali akumva zonse, wokonzeka kulanda wailesi zinthu zikayamba kupotoka. Gawo lomalizali ndiye loopsa, ndipo kulizemba n'kosatheka. Mphunzitsi akamalanda wailesi msanga, wophunzira sakhwima. Akachedwa pang'ono, anthu afa. Chimene chimathandiza awiriwa ndi kukhala pansi ntchito ikatha, kumvetsera zomwe zinajambulidwa, n'kunena kuti apa unachedwa, apa woyendetsa anabwereza nambala yolakwika iwe osamva.

Kwa ife ophunzira zilankhulo ndi mbiri, chochititsa chidwi n'chakuti zambiri mwa zolakwazi ndi za mawu. Pa 27 March 1977, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinawombana pabwalo la ku Tenerife mkati mwa nkhungu, ndipo anthu 583 anafa. Woyendetsa wa KLM anayamba kuthamangitsa ndege poganiza kuti waloledwa kunyamuka, pomwe chilolezo chinali chisanaperekedwe. Ofufuza anamvetsera mawu onse, liwu ndi liwu. Zotsatira zake, lero mawu akuti "take-off" amanenedwa pokhapokha popereka kapena pochotsa chilolezo chonyamukira, kwina konse amati "departure". Wophunzira aliyense padziko lapansi, ngakhale wa ku Lilongwe, amaphunzitsidwa zimenezi chifukwa tsiku lija tepi inali kuzungulira.

Miyezi ingapo izi zisanachitike, pa 10 September 1976, ndege ziwiri zinawombana mlengalenga pafupi ndi Zagreb, n'kupha anthu 176. Woongolera wachinyamata, Gradimir Tasić, anali atapanikizika ndi ndege zambiri. Ataona ngozi ikubwera analankhula ndi ndege imodzi m'chilankhulo cha kwawo, ndipo oyendetsa ndege ya British Airways sanamve kanthu. Khoti linamugamula zaka 7 kundende, ngakhale anatulutsidwa zisanathe. Kumanga Tasić kunali kosavuta. Chovuta chinali kufunsa kuti n'chifukwa chiyani munthu mmodzi anasenzetsedwa katundu yense uja.

Apa ndi pomwe ndimaopera kwambiri kwathu kuno. Tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa, ndipo pamudzi ulemu umenewu uli ndi malo ake. Koma taganizirani wophunzira wa zaka 23 amene waona kuti mphunzitsi wake wapereka mulingo wolakwika kwa ndege. Kapena amene akulankhula ndi woyendetsa wa nyota zambiri paphewa, atanyamula bwana wamkulu amene akufulumira. Kodi pakamwa pake patuluka "ayi"? Ku Tenerife komweko, injiniya wa m'ndege ya KLM anafunsa ngati ndege ya Pan Am inali itachoka panjira. Kaputeni, yemwe anali mphunzitsi wamkulu wa oyendetsa anzake, anayankha motsimikiza kuti inde, nkhani n'kuthera pomwepo. Ngati izi zinachitika kwa Adatchi, omwe amadziwika ndi kusabisa mawu, nanga ife amene timayamba chiganizo ndi "pepani bwana"?

Palinso mantha. Wophunzira akadziwa kuti kuulula cholakwa ndi kudzichotsa ntchito, amabisa. Ndege ziwiri zikayandikana mopyola muyeso koma osawombana, amangopuma mozama n'kukhala chete, ndipo mnzake adzagwera m'dzenje lomwelo. N'chifukwa chake maiko ambiri amasiyanitsa kulakwitsa kosafuna ndi kunyalanyaza dala: koyambako kumalembedwa n'kuphunziridwa, kwachiwiriko ndiko kumalangidwa.

Wina anena kuti dziko lomwe zipatala zake zikusowa mankhwala lisataye ndalama pabwalo ngati la Mzuzu, pomwe ndege zimatera mwa apo ndi apo. Mfundoyi ndi yomveka, koma ndikuiona mwina. Kuchepa kwa ndege ndiko kumafooketsa wophunzira. Amatha miyezi osakumana ndi tsiku lovuta, ndiye tsikulo likafika, nkhungu itatseka Viphya, amakumana nalo koyamba pali miyoyo ya anthu. Malo otere ndiwo akufunikira kwambiri makina oyeserera ndi mawu ojambulidwa a masiku ovuta akale. Ndipo makina ojambula wailesi si ndege yatsopano, mtengo wake sungafanane ndi zomwe dziko linawononga pofunafuna, pofufuza ndi pamaliro.

Lamulo la zandege la 2017 linatsegula njira yokhazikitsira bungwe loima palokha la Civil Aviation Authority. Aphungu athu, kuyambira a kuno ku Nkhata Bay komwe ndegeyo inagwera, ali ndi mphamvu yoliitanitsa ku Nyumba ya Malamulo n'kulifunsa poyera: kodi lero wailesi ya ku Mzuzu, ku Karonga ndi ku Likoma ikujambulidwa, ndipo wophunzira amene waona cholakwa amakanena kwa yani popanda kuopa kalata yomuchotsa ntchito?