Mchenga wa kunyanja si wa azungu okha

Amayi ndi abambo a geni, sabata ino ndabwera ndi funso limodzi basi. Inu amene mumaswera kuingitsa ntchentche pa milu ya matemba pano pa Songani, mumsika wa Zomba, ku Limbe kaya ku Ndirande, kodi nyanja munaiona liti? Sindikunena zopita kukapikula nsomba mbandakucha n'kuthamangira matola ayi. Ndikunena kukhala pansi pamchenga, kuvula nsapato, kumwa ka Fanta uku kamphepo kakukupitani.

Ambiri ndikawafunsa amangoseka. Ati zimenezo n'za azungu ndi mabwana a magalimoto. Ati kungotseka benchi tsiku limodzi ndiye kuti ana agona ndi njala. Zoonadi, geni ilibe holide, ilibenso penshoni. Komatu thupi limene limasenza madengu chaka chathunthu likapanda kupuma mwakufuna kwanu, lidzakapumira pa bedi la kuchipatala. Ndiye tsiku limodzi pachaka lokha, lipatseni.

Ife a kuno tili ndi mwayi chifukwa tili ndi nyanja ziwiri. Yapafupi ndi Chilwa. Doko la Kachulu lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni ya Zomba, ndipo pamenepo mutha kukwera boti kupita ku chilumba cha Chisi. Mukaona zimbowera, timisasa toyandama timene asodzi amagonamo pakati pa mabango, mukaona mbalame zosawerengeka, ndi mapiri a Chikala chakumpoto. Mbalame zimenezi ndi madambo ake ndi zina mwa zimene zinachititsa kuti mu 1997 Chilwa ikhale malo oyamba m'Malawi kulowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo.

Koma ndikuuzeni poyera, Chilwa si nyanja yokasambiramo. Ndi yosaya, yamatope, madzi ake ngamchere pang'ono chifukwa mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Thondwe imangothiramo koma palibe mtsinje wotulukamo. Likodzo lilimo, ndipo kolera yakhala ikuvuta pakati pa asodzi. Pitani mukaone ndi maso, mukadye mlamba wootcha, madzi akumwa munyamule anu. Kumbukiraninso kuti nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka, mabwato ali pamtunda. Wogulitsa matemba amene wafikako amamvetsa msanga chifukwa chake mtengo umalumpha mvula ikachepa.

Mchenga weniweni uli ku Mangochi, ndipo msewu wake ndi uwu womwewu wodutsa pamsika pathupa. Mukakwera pa Songani mudutsa Liwonde, Ulongwe, Mangochi boma, kenaka msewu wa ku Monkey Bay kumene kuli Nkopola, Makokola mpaka ku Cape Maclear. Kumeneko madzi ngoyera mbee, moti tinsomba ta mbuna mumationa tikusewera m'miyala. Boma linakhazikitsa paki ya Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Anthu amalipira ndege kuchokera ku London kudzaona zimenezi, ife tili pakhomo pomwepa osapitako. Si zamanyazi izi?

Nanga ndalama? Apa ndiye mvetsetsani. Mpamba osaukhudza. Ulendo wodyera mpamba umakoma Loweruka, Lolemba kulira. Chitani monga mumachitira chipereganyu: anthu 15, aliyense kumaponya kangachepe tsiku la msika kwa miyezi itatu, msungichuma akhale munthu woopa Mulungu. Ikakwana, hayalani minibasi, mtengo mugwirizane musanakwere, mafuta ali momwemo. Mpunga ndi nkhuku phikirani kunyumba, chifukwa mbale imodzi ya kuhotela ndi phindu la masiku angapo. Nyamukani tambala woyamba, dzuwa likamapendeka muzibwerera, za malo ogona zisakukhudzeni. Mahotela ena amalipiritsa pageti, choncho funsiranitu. Benchi musiyire mnzanu wokhulupirika, iyenso mudzamusungire lake.

Mukafika, nyanja ipatseni ulemu. Mowa ndi madzi siziyenderana. Ana asachoke pamaso panu. Pamene pali bango kapena pamathiriro a mtsinje ndi pakhomo pa ng'ona ndi mvuu, ndiye funsani eni dera malo osambira. Miyezi ya June ndi July mphepo ya mwera imautsa mafunde, boti lodzaza osakwera ngakhale woyendetsa alumbire. Likodzo ku Cape Maclear nakonso liliko. Mukaona magazi pokodza, thamangirani kuchipatala, mankhwala ake alipo.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti m'mbali mwa nyanja ku Mangochi mipanda ikungochuluka. Malo amene kale amayi ankatsukirapo mbale lero ndi makoteji a anthu olemera, pageti pali mlonda ndi galu. Tikamangoti kunyanja n'kwa azungu, ndiye kuti tikuvomereza tokha, ndipo ana athu adzaionera pa kalendala. Mafumu ndi aphungu a kumeneko atisiyireko njira zofikira pamadzi, ifenso tizipitako kuti adziwe kuti eni ake alipo.

Paja akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tsiku la msika likubwerali, yambani kulemba maina. Tionane sabata ya mawa.