Akakana thobwa, musamuchotse pamphasa

Loweruka lapitali ndinali ku chinkhoswe kuseri kwa msika wa Mponela, ndipo ndinabwerako mtima ukuwawa chifukwa cha kapu imodzi ya thobwa. Thobwalo linali labwino ndithu, la chimera cha mawere, lozizira bwino mumtsuko. Mayi wina anatunga kapu yodzaza n'kukagwada pamaso pa abambo ena amene amapita ku Lilongwe kawiri pa mlungu kukasefedwa magazi pa makina a dialysis. Abambowo anaomba m'manja nati, "Zikomo mayi, koma ine ayi, adokotala analetsa." Mayiwo sanadzuke. "Imwani pang'ono chabe, alamu. Kapena mukuganiza kuti tathiramo kanthu?" Maso onse anali pa iwo. Abambowo analandira, anamwa theka, ndipo perekaniperekani asanayambe n'komwe anatsanzika. Kumbuyo kwanga wina ananong'ona kuti, "Chiyambireni kupitapita kutauniku ayamba matama."

Mwina muti ndikukuza kanthu kochepa. Koma nonsenu mukudziwa kuti kwathu kuno kukana chakudya cha mwini nyumba ndi mlandu. Tinakula tikuuzidwa kuti mlendo sakana, ngakhale wakhuta alaweko ndithu. Mwambowu ine ndimaukonda, chifukwa ndi umene unkachititsa kuti wapaulendo asagone ndi njala m'mudzi mwa eni. Komatu makolo sanauike kuti uzipweteka munthu.

Impso ndi sefa ya thupi. Usana ndi usiku zimasefa magazi, moti madzi okwana malita pafupifupi 180 amadutsamo tsiku lililonse. Ambiri amabwerera m'thupi, otsala ochepawo n'kutuluka ngati mkodzo atanyamula zoipa. Impso zikasiya ntchito, munthu amakodza pang'ono kapena osakodza n'komwe, ndipo chilichonse chimene wamwa chimakhala momwemo kudikira tsiku la makina. Miyendo imatupa, nkhope imatupa, madzi ena amakwera m'mapapo, munthu n'kumangoti wefuwefu usiku wonse osatha kugona chagada. N'chifukwa chake ambiri amapatsidwa muyeso, kawirikawiri wosapitirira lita imodzi pa tsiku, ndipo m'muyesomo muli tiyi, phala, msuzi wa ndiwo ndi madzi omwera mankhwala. Makapu athu apulasitiki a pa zinkhoswe aja amatha kudya theka la muyeso wa tsiku lonse. Akafika kuchipatala wodwala amayamba wakwera pa sikelo, anamwino n'kuona pomwepo kuti madzi achuluka. Makina akamachotsa madzi ambiri nthawi imodzi, minofu imakokana, chizungulire chimabwera, ena amasanza. Zonsezi zimamugwera ali yekha pabedi, ife amene tinamuumiriza tili kwathu.

Ndipo si thobwa lokha. Taonani zimene timanyamula tikamapita kukazonda matenda: phava la nthochi, mapeyala, kabotolo ka zoziziritsa kukhosi, kachewere wa kumapiri a Ntchisi. Kwa wodwala malungo ndi mphatso yabwino. Kwa wodwala impso, nthochi, mapeyala, kachewere ndi tomato zili ndi mchere wina wotchedwa potaziyamu, umene impso zake sizingathenso kuutulutsa, ndipo ukachuluka m'magazi umasokoneza kagundidwe ka mtima mpaka kuuimitsa. Chidulo chimene amayi athu amacheza ndi phulusa la zitsononkho pophikira therere, mchere wake ndi womwewo. Usipa wa mchere wambiri umabweretsa ludzu limene munthuyo saloledwa kulithetsa. Kenako pamabwera azakhali ndi botolo la zitsamba limene agula pamsika, akuti lotsuka impso, ndi amalume atanyamula burufeni kapena indosidi wa mugolosale, osadziwa kuti mapilitsi amenewa akamamwedwa mwachisawawa ndi ena mwa owononga impso, pambali pa BP ndi shuga zimene zimazidya mwakachetechete kwa zaka. Onsewa abwera ndi chikondi, palibe wa chiwembu. Wodwalayo akakana, iwo amakhumudwa. Akalandira, avutika yekha.

Tsono munthu atani? Amasankha njira yachidule: kusiya kupita kumene kuli anthu. Ukwati sapitako, kusiwa amangopepesa n'kubwerera, ku mphakati amatumiza mkazi wake. Ifenso, poona kuti sakubwera, timasiya kumuitana, n'kumadzitonthoza kuti tikumupatsa mpata wopuma. Pakatha miyezi ingapo mumupeza pakhonde ali ndwii, wailesi ili pambali, osayatsa. Amenewa ndi matenda achiwiri, ndipo awa makina a ku Lilongwe sangawachotse. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Mwambiwu timaukonda pa misonkhano ya chitukuko ndi pa maliro, koma malo ake enieni ndi pakhonde la munthu amene akudwala matenda osachizika, amene adzakhale nawo chaka chino, cha mawa ndi chinacho.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti timawaika anthuwa m'manda akadapuma. Munthu anali mlembi wa komiti ya kutchalitchi, wangoyamba dialysis, anzake amuchotsa osamufunsa, ati asamatope. Ku banki m'khonde amayamba kunong'onezana ngati n'koyenera kumubwereketsa. Obwera kudzamuona amalowa ndi nkhope za pamaliro, kulankhula motsitsa mawu, kuimba nyimbo za chisoni, n'kumusiya atafooka kuposa mmene anamupezera. Kodi ndani anatiuza kuti kukwera pa makina ndi kutsanzika? Makinawa anawayambitsa dokotala wina wa ku Netherlands, Willem Kolff, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, ndipo wodwala woyamba kupulumuka nawo anapulumuka mu 1945. Mu 1960 ku Seattle, dokotala Belding Scribner anapeza njira yoti munthu azilumikizidwa ku makina mobwerezabwereza, ndipo wodwala wake woyamba, Clyde Shields, anakhala ndi moyo zaka zina 11. Amenewo anali makina a nthawi imeneyo. Lero m'mayiko ambiri muli anthu amene akhala pa dialysis zaka makumi, akugwira ntchito, akulera ana. Kwathu kuno zinthu n'zovutirapo, makina ndi ochepa ndipo ambiri amasefedwa kawiri pa mlungu m'malo mwa katatu, koma zimenezo zikutanthauza kuti munthuyo akufunika kusamala kwambiri ndi kuthandizidwa kwambiri. Sizikutanthauza kuti timuimbiretu nyimbo za kumanda.

Dzanja limene madokotala analumikizapo mitsempha kuti azibayapo masingano silifuna katundu wolemera, choncho belo la fodya asanyamule, thumba la soya asasenze. Koma kukhala m'chigafa n'kumasankha fodya, kupatula wa mbalanga ndi wabwino, angathe, ndipo mwina amadziwa kuposa anyamata amene mwawalemba ganyu. Kulemba mabuku a gulu angathe. Unkhoswe angathe, chifukwa nzeru sizikhala mu impso. Bawo angasewere mpaka dzuwa kulowa, n'kukudyani nkhomo zonse. Mpira wa Bullets ndi Noma angamvere nanu limodzi, kukangana nanu mmene ankachitira kale. Chofunika ndi kudziwa masiku ake. Madzulo a tsiku la makina amabwera ali wofooka, mutu ukuwawa, akufuna kugona basi. Pitani m'mawa mwake, pamene thupi lapepuka. Ndipo mukapita, musayambe ndi kufunsa za matenda. Muuzeni za mtengo wa feteleza, za mlandu wa malire umene uli kwa amfumu, m'funseni maganizo ake. Munthu akafunsidwa nzeru amadziwa kuti akuwerengedwabe.

Amayi a Chigwirizano ndi a miphakati, inu amene mumayenda m'makomo kuposa ife abambo, funsani kaye kwa mkazi wa wodwalayo kuti achipatala analola chiyani. Iye ndiye amadziwa kuti masamba aphikidwe ndi madzi ambiri, madziwo n'kutayidwa, kuti mchere ungokhudza, kuti kapu ya wodwalayo ndi iti. Mukamufunsa, mwamupepuzanso iyeyo, pakuti amayi osamalira odwalawa ali ndi katundu amene palibe amamuona. Amaphika miphika iwiri, amadzuka usiku kumva ngati mnzawo akupuma bwino, amaperekeza ku Lilongwe, kumunda kukudikira. Sopo, makala, tsiku limodzi la kupalira m'munda mwawo, kapena kandalama ka pa Mpamba ndi Airtel Money, zimenezi n'zoposa nthochi.

Kwa inu amene muli pa makina, ndili nanunso mawu. Musabise. Ambiri a ife timalakwa chifukwa cha umbuli, ndipo umbuli umatha munthu akauzidwa. Nenani poyera pamaso pa abale kuti madzi anu ndi oyezedwa, ndipo amene akufuna kuti mukhale ndi moyo asakuumirizeni. Pa zochitika pitani ndi kabotolo kanu, khalani pamphasa pomwepo, sekani nawo. Anzanu a m'chipinda cha makina muja musawataye. Maola anayi mutagona moyandikana, nkhope zomwezo mlungu ndi mlungu, ndi chibale chimenecho, ndipo iwo okha ndi amene amadziwa ludzu la mwezi wa Okutobala kwa munthu woletsedwa kumwa. Tenganani manambala, imbiranani wina akapanda kuoneka pa tsiku lake. Mtima ukalemera mpaka kufuna kungosiya zonse, uzani anamwino kapena abusa, pakuti kukhumudwa kotere kumagwira ambiri odwala matendawa ndipo si kuchepa kwa chikhulupiriro. Mapemphero ndi abwino, ine ndimapemphera. Koma aliyense wokuuzani kuti mwachira, musapitenso ku makina, ameneyo musamumvere, ngakhale atavala suti yoyera bwanji.

Pali china chimene ndakhala ndikudandaula ndipo sinditopa nacho: ulendo. Kwa zaka zambiri zipatala za boma zokhala ndi makinawa zinali ziwiri, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Gulupu ku Blantyre. Thandizo lake m'zipatala za boma ndi laulere, tiyamike, chifukwa m'zipatala zolipira ndi olemera okha angakwanitse, ndipo kuikidwa impso ina kumafuna ulendo wa kunja, kawirikawiri ku India. Koma minibasi si yaulere. Kuchokera pa Mponela kukafika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 50, kudutsa Mtengowanthenga, Lumbadzi ndi Kanengo, n'kukakweranso ina yopita kuchipatala. Kawiri pa mlungu ndi maulendo 104 pa chaka, kupita ndi kubwera, nthawi zambiri anthu awiri. Wa ku Malomo kapena ku Ntchisi boma ayambe wakwera kabaza mbandakucha kuti adzapeze galimoto pa Mponela. Mafuta akasowa mitengo imakwera tsiku lomwelo, ndipo munthu amadumpha tsiku la makina chifukwa m'thumba mulibe kanthu. Ena agulitsa mbuzi, kenako ngolo, kenako munda, mapeto ake n'kusamukira kwa wachibale ku Area 25 kapena ku Kawale, kusiya mudzi wawo, tchalitchi chawo ndi anzawo a bawo. Kusungulumwa kwina kumayambira pa depoti.

Ndiye taimani pamsewu wa M1 pa Mponela pano tsiku lililonse la pakati pa mlungu muone. Magalimoto a boma ndi a mabungwe ali ndandanda pa mahotela, abwera kuchokera ku Lilongwe kudzachititsa misonkhano, ina mwa iyo ya zaumoyo. Madzulo amabwerera mipando yakumbuyo ili yopanda anthu, kudutsa mayi amene waima pa siteji ndi mwamuna wake wotupa miyendo. Zimenezi zimandiwawa, ndipo ndikudziwa kuti inunso zimakuwawani. Sindikunena kuti mawa pa Mponela pakhale makina. Makinawa amafuna madzi oyeretsedwa mwapadera, magetsi osazimazima ndi anamwino ophunzitsidwa, ndipo zimenezo zimatenga nthawi. Chimene ndikupempha n'chochepa: galimoto imodzi yonyamuka ku Ntchisi, kutola a ku Madisi ndi a ku Dowa pa Mponela, pa masiku amene achipatala angagwirizane ndi odwalawo. M'galimoto imeneyo anthu adzachezanso, adzadziwana, adzalimbikitsana m'njira. Pamwamba pa apo, makina oyezera BP okhala ndi mabatire ndi timapepala toyezera mkodzo zisamasowe m'zipatala zazing'ono za m'midzi, kuti ena tiwagwire impso zisanafe.

Tsiku lokumbukira matenda a impso pa dziko lonse limakhala Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Marichi. Makhansala ndi aphungu a Dowa ndi Ntchisi, musadikire tsiku limenelo kuti mudzavale malaya olembedwa uthenga. Fufuzani kuti m'maboma anu muli anthu angati amene amapita ku makina, dziwani midzi yawo, ndipo nkhani ya galimotoyi ilowe pa msonkhano wa khonsolo ukubwerawu.