Kambalame kamodzi, matanthauzo anayi

Alimi ndi alangizi anzanga, mwezi uno tiyeni tisinkhesinkhe liwu la Chingerezi lakuti canary, pakuti matanthauzo ake akukhudza moyo wa anthu a ku Marange.

Poyamba, liwuli ndi dzina la kambalame kachikasu koimba mokoma, kamsinkhu wa mpheta. Kwawo ndi ku zilumba za Canary, kumadzulo kwa Morocco, koma abale ake timawaona m'minda mwathu akutola njere za udzu.

Kachiwiri, amalonda a miyala amatcha dzina lomweli dayamondi wachikasu kwambiri, yemwe mtengo wake ndi wokwera zedi. Miyala ya dayamondi ndiyo inakokera chikhamu cha anthu ku Chiadzwa m'chaka cha 2006, ndipo pambuyo pake mabanja ambiri anasamutsidwira ku ARDA Transau.

Tanthauzo lachitatu linabadwira m'migodi ya malasha ku Britain. Katswiri wina, John Scott Haldane, analangiza kuti anthu azilowa pansi ndi tizilombo ting'onoting'ono, ndipo kambalameka kankanyamulidwa m'kachikwere. Mpweya wakupha wa carbon monoxide suoneka ndiponso sununkha, koma kambalame, popeza kamapuma mofulumira, kankakomoka munthu asanamve kanthu. Kakangogwa, onse ankathawa. Mchitidwewu unatha mu 1986, koma liwu lidakatanthauzabe chizindikiro choyamba cha ngozi.

Nafenso tili ndi otichenjeza otere. Anthu okhala m'mbali mwa mitsinje ya Odzi ndi Save anadandaula za kufa kwa ng'ombe ndi kuyabwa kwa khungu. Mu 2012 kafukufuku wa University of Zimbabwe, yemwe bungwe la ZELA linapempha, anapeza chromium ndi nickel m'madzi a kumunsi kwa migodi. Ziweto zinali zitanena kale zomwe akatswiri anadzatsimikiza.

Tanthauzo lachinayi ndi lonyoza: munthu woulula zinsinsi kwa apolisi, amene amati waimba. Apa mpofunika kusamala, chifukwa wochenjeza mudzi sachedwa kutchedwa kazitape. A Farai Maguwu anamangidwa mu June 2010 pa nkhani ya zomwe anaulula za ku Marange, koma mlandu unathetsedwa chaka chomwecho. Makolo athu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Tsono mukaona nsomba zikuyandama, achule atazimiririka padambo, kapena ziweto zikudwala zitamwa padooko limodzi, musangoti ndi tsoka. Lembani tsiku, malo ndi chiwerengero cha ziweto. Nyama yofa yokha musadye kapena kugulitsa. Dziwitsani amfumu, alangizi a ziweto ndi ofesi ya EMA ku Mutare, ndipo pitani pagulu, osati panokha. Ana asasambe pamalopo kufikira madzi atayezedwa. Am'migodi sankadikira kuti munthu ayambe wagwa, ndipo ifenso tisadikire maliro.