Wakutsina Khutu ndi Mnansi

Pa sukulu ina ya kumudzi, aphunzitsi a Sitandade 5 anagawa ana awo m'magulu atatu. Gulu lililonse analipatsa dzina la munthu mmodzi amene anasintha zinthu m'dziko lake, naliuza kuti likafufuze mbiri yake ndi kudzaifotokoza pamaso pa kalasi yonse. Gulu loyamba linatenga Mbusa John Chilembwe, lachiwiri Mayi Rose Chibambo, ndipo lachitatu Mayi Wangari Maathai a ku Kenya. Tsiku lofotokoza litafika, aphunzitsiwo anachita chinthu chimene anawo sanachiyembekeze. Gulu lililonse litatha kuyankhula, iwo sanathamangire kupereka malikisi. M'malo mwake anatembenukira kwa omvera nawafunsa zimene atolapo, zimene zawakondweretsa ndi zimene sanazimvetse.

Alipo anthu amene amati mchitidwe wotere ngwotaya nthawi, ndiponso kuti umadanitsa ana. Iwo amati kuweruza ntchito ya mwana ndi udindo wa mphunzitsi, osati wa mwana mnzake. Maganizo amenewa ngoyenera kuwamvera, koma zimene zinachitika m'kalasi muja zionetsa kuti aphunzitsi aja anachita mwanzeru. Munthu sadzimva yekha mmene akuyankhulira. Amene angamuuze zoona ndi uyo wakhala pansi kumumvera.

Gulu la Chilembwe linakonzekera kwambiri, ndipo linalemba masamba awiri athunthu. Linanena kuti Chilembwe anapita ku America m'chaka cha 1897, nabwerako m'chaka cha 1900. Linanenanso kuti anayambitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, ndi kuti anaukira boma la atsamunda pa 23 Januwale 1915. Zonsezi zinali zoona. Koma anawo anawerenga atawerama, maso ali papepala, ndiponso mothamanga ngati akupikisana. Atatha, mtsikana wina wokhala kumbuyo anaimirira nanena kuti zaka zonse wazimva, koma funso limodzi lamutsalira: kodi n'chiyani chinachititsa mbusa, munthu wophunzitsa za mtendere, kufika poukira boma?

Ana a gulu lija anayang'anana. Yankho analidziwa, koma analisiya m'makope poganiza kuti zaka ndizo zofunika koposa. Sananene za thangata, ntchito imene anthu okhala m'minda ya Azungu anali kukakamizidwa kugwira m'malo mwa kulipira malo. Sananene za nyumba zopemphereramo za anthu ake zimene zinatenthedwa ku Magomero. Sananenenso za kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, yodandaula kuti anthu osauka a dziko lino anali kufera nkhondo imene sinali yawo. Apo mpamene panali mtima wa nkhani. Funso la mtsikana uja linaphunzitsa gulu lonse kuti mbiri ya munthu si mndandanda wa zaka chabe ayi. Womvera afuna kudziwa chimene chinamuwawa munthuyo ndi chimene anachitapo.

Gulu lachiwiri linayamba mwa njira ina. Mnyamata wina anaimirira nakweza m'mwamba ndalama ya pepala ya K200, nafunsa anzake ngati akuwadziwa mayi amene nkhope yawo ili pa ndalamayo. Ana onse anali ataigwirapo ndalama yotere, koma ambiri sanadziwe dzina la mayiwo. Pomwepo kalasi yonse inatchera khutu. Mnyamatayo anafotokoza kuti amenewo ndi Mayi Rose Chibambo, obadwira m'boma la Mzimba m'chaka cha 1928, amene anasonkhanitsa amayi anzawo kuti akane Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mnzake wina anapitiriza nanena kuti mu Malichi 1959 boma la atsamunda linawamanga ndi kuwatsekera m'ndende ya Zomba, mwana wawo ali wakhanda wa masiku owerengeka.

Tsono mnyamata woyamba uja anali wachibwibwi. Mawu ena anali kumukanika kutuluka msanga, ndipo ana awiri atatu anaseka. Koma aphunzitsi atafunsa zimene omvera atolapo, manja anakwera paliponse. Wina anakumbukira dzina, wina ndende ya Zomba, wina khanda lija. Ngakhale oseka aja anayankha bwino lomwe, ndipo manyazi anawagwira. Pamenepa panaoneka poyera kuti kuyankhula bwino sikuyesedwa ndi kuthwa kwa lilime. Kuyesedwa ndi zimene zatsala m'mitu ya omvera. Mnyamata uja anayang'ana anzake m'maso, anawaonetsa chinthu chimene amachidziwa kale, ndipo anayamba ndi funso. Zitatu zimenezi zinaposa chibwibwi chake.

Gulu lachitatu linali ndi mtsikana wa mawu omveka bwino, wosaopa anthu. Iye anafotokoza kuti amayi a m'midzi ya ku Kenya anali kudandaula za kusowa kwa nkhuni ndi kuuma kwa mitsinje. Mayi Maathai atamva madandaulo amenewa, anayambitsa bungwe la Green Belt Movement m'chaka cha 1977 kuti amayiwo azifesa ndi kubzala mitengo. Pofika m'chaka cha 2004, pamene analandira mphotho ya mtendere ya Nobel, mitengo yobzalidwa inali itakwana mamiliyoni 30, ndipo iwo anali mayi woyamba wa mu Afrika kulandira mphothoyo. Kalasi inaomba m'manja. Koma mnyamata wina, atayamikira kamvekedwe ka mawu a mtsikanayo, anati chinthu chimodzi chamudabwitsa. Nkhani inali ya mayi amene anagwira ntchito ndi amayi zikwizikwi, komabe pa ana asanu ndi mmodzi a m'gululo, woyankhula anali mmodzi yekha. Enawo anangoima chilili ngati mitengo yomwe inali kunenedwayo. Ana anaseka, ngakhale mtsikana mwini wake anaseka, koma mfundo inalowa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchito ya gulu iyenera kuonekera mwa aliyense wa m'gululo.

Kodi ndani akanauza magulu atatuwa zinthu zimenezi? Aphunzitsi akanatha ndithu, koma iwo anali kuzidziwa kale mbiri zonse zitatu. Ngakhale gulu litadumpha mfundo yaikulu, iwo akanaikwaniritsa okha mumtima. Mwana amene akumva nkhani koyamba alibe chokwaniritsira. Pamene gulu ladumpha, iye amagwa m'dzenje, ndipo ndiye angaloze pamene pali dzenjelo. N'chifukwa chake mawu a womvera wotere ali ndi mtengo wake wapadera.

Komabe nkhawa ya anthu aja, yakuti ana angadane, si yopanda maziko. Kudzudzula kosaganizira kumapweteka, ndipo mwana amene wasekedwa kamodzi angathe kutseka pakamwa pake mpaka kumaliza sukulu. Choncho wopereka ndemanga ali ndi malamulo ake. Choyamba, ayambe ndi kutchula chabwino chimene wachiona, ndipo achitchule ndi dzina. Kungoti "achita bwino" sikuthandiza aliyense. Chachiwiri, anene za ntchito, osati za munthu. Kunena kuti mawu sanafike kumbuyo kwa kalasi n'kuthandiza, koma kunena kuti mnzako ndi wamantha n'kunyoza. Chachitatu, anene chimene mnzakeyo angathe kuchikonza. Liwiro la kuwerenga likonzeka, koma chibwibwi si mlandu wa mwini wake. Chachinayi, asabise zoona pofuna kukondweretsa bwenzi lake. Woyamika zilizonse amamusiya mnzake kuti akalakwenso mawa pa anthu ambiri.

Wolandira ndemanga nayenso ali ndi mbali yake. Ayenera kumvera mpaka mnzake atatha, osamudula pakamwa, ndipo akatha athokoze. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Kutsinako kumawawa pang'ono, koma amene sakufunira zabwino sadzivutitsa kukuchenjeza. Amangoonerera, kenaka akaseke kumbali.

Anthu atatu amene ana aja anawafotokoza nawonso anadalira mawu ndi makutu. Chilembwe anaphunzitsa, analalikira ndi kulemba kalata. Mayi Chibambo anafotokozera amayi anzawo mpaka amayiwo anaona kuti nkhani za dziko zikuwakhudza iwonso. Mayi Maathai anayamba ndi kumvera, ndipo atamva ndi pamene anadziwa choyankhula. Palibe mmodzi wa iwo amene akanasintha kanthu anthu akanapanda kumumvetsa. Motero mwana amene akuphunzira kuyankhula momveka ndi kumvera mofatsa sakusewera. Akunola chida chimene adzachifuna pabwalo la mfumu, pamsonkhano wa chitukuko, kutchalitchi kapena kumzikiti, ngakhale m'banja mwake momwe.

Patapita mlungu umodzi, gulu la Chilembwe linapempha aphunzitsi kuti lifotokozenso nkhani yake. Ulendo uno mapepala anawasiya padesiki. Mmodzi anayamba ndi kufunsa anzake mmene angamvere atagwira ntchito m'munda wa mwini miyezi yathunthu, munda wa kwawo uli thengo. Wina ananena za kalata ya 1914, ndipo wachitatu ndiye anafika pa zochitika za 1915. Atatha, anayang'ana kwa mtsikana wa kumbuyo uja kuti amve ngati funso lake layankhidwa. Iye anavomera ndi mutu, ndipo mkulu wa gululo anamuthokoza pamaso pa onse.

Mafunso

1. Kodi gulu loyamba linasiya mfundo ziti pofotokoza mbiri ya John Chilembwe?
2. Ndi zinthu zitatu ziti zimene zinathandiza mnyamata wachibwibwi kuti amveke?
3. N'chifukwa chiyani Mayi Wangari Maathai anayambitsa ntchito yobzala mitengo?
4. Kodi wopereka ndemanga ayenera kutsata malamulo ati?
5. Kodi mwambi wakuti "wakutsina khutu ndi mnansi" utanthauza chiyani?