KUSINTHA MZATI WA NYUMBA ULI KUTALI (Gawo Lachiwiri)

Gawo lapitalo lidafotokoza kuti seva ndi kompyuta yosunga kaundula, imene makompyuta ena onse a pamalopo amadalira. Lero funso ndi ili: kodi n'kwanzeru kuti katswiri wokhala ku Lilongwe asinthe pulogalamu yaikulu yoyendetsa seva ya pachipatala cha kumapiri a Dowa kapena Ntchisi, iye osapondako phazi?

Nkhaniyi si yachilendo kwathu kuno. Chiyambire 2001, pamene a Baobab Health adayamba kuika makompyuta pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, zipatala zambiri zakhala zikusunga kaundula wa odwala m'maseva, makamaka wa amene amalandira ma ARV.

Pulogalamu yoyendetsa seva ili ngati mzati wa nyumba, ndipo nayonso imafumbwa. Mwachitsanzo, Ubuntu wokhalitsa amatuluka mu Epulo pa zaka 2 zilizonse, nasamalidwa zaka 5. Nyengo ya 18.04 idatha mu 2023, ya 20.04 mu 2025. Seva yotsalira m'mbuyo imasowa zigamba zotsekera akuba, choncho kusintha n'kosathawika. Kuchitira ntchitoyi kutali kumapulumutsanso mafuta ndi masiku, makamaka m'dzinja misewu yafumbi ikamaterera.

Komatu fulumira adadya gaga. Wochoka pa 18.04 sadumphira pa 22.04, ayenera kudzera pa 20.04. Pa sitepe iliyonse seva imazimitsidwa ndi kuyatsidwanso, ndipo pa mphindi imeneyo katswiri uja saona kanthu. Ubuntu amatsegula khomo lachiwiri, la nambala 1022, kuchitira kuti loyamba lingatsekeke. Koma magetsi akazima ntchito ili pakati, kapena seva ikakana kudzuka, makomo onse awiri alibe phindu. Dziko lonse lidaona zimenezi pa 19 Julaye 2024, pamene chigamba cholakwika cha kampani ya CrowdStrike chidagwetsa makompyuta a Windows okwana ngati 8.5 miliyoni. Ambiri a iwo adachira munthu atachita kuwafikira ndi manja.

Zikatero kumudzi, wovutika si katswiri ayi, koma mayi amene watsika phiri mbandakucha, mwana kumsana, n'kupeza mzere sukuyenda chifukwa mbiri ya mankhwala ake yatsekeredwa m'makina.

Motero ntchitoyi ichitike ndithu, koma patakwanira zinthu zitatu. Choyamba, kaundula yense akoperedwe pena, ndipo ayesedwe ngati akutseguka. Chachiwiri, mabatire akhale odzaza, ndipo tsiku lisankhidwe lopanda chipwirikiti cha odwala. Chachitatu, chimenenso chili mutu wa nkhani, pambali pa seva pakhale munthu wophunzitsidwa, wodziwa kuwerenga zimene makina alemba, kuzinena pafoni molondola, ndi kubwezeretsa zakale zinthu zikavuta.

Munthu wotere safunika digiri. Ku Mponela, ku Madisi ndi ku Malomo kuli anyamata ndi atsikana a MSCE amene akungokhala, pamene anzawo a ku Dzaleka, m'boma la Dowa, aonetsa kale kuti luso la kompyuta limaphunzirika ngakhale pamalo osowa. Aphunzitsi awalimbikitse, ndipo eni maseva awaphunzitse ndi kuwalemba ntchito, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Gawo lotsatira lidzafotokoza zimene wachinyamata wotere ayenera kuyamba kuphunzira.